Mowa wowawa wa ku Woodstock

Funso: Achimwene, ndimagwira ntchito ku Cape Town. Loweruka anzanga ananditengera kubala ina ku Woodstock komwe amafulula okha mowa, matanki ake tikuwaona. Ndinaitanitsa mowa wotchedwa IPA, nsomba ya hake ndi tchipisi. Mowawo unkawawa ngati mankhwala. Kodi unali utasasa?

Yankho: Ayi achimwene, sunasase. Chimawawitsa ndi hops, timaluwa tomwe amathira pofulula, ndipo mu IPA amachulutsa dala. Ife lilime linazolowera Carlsberg, lager yofewa yomwe amafulula ku Blantyre kuyambira 1968. Inenso tsiku loyamba ndinakwinya nkhope, mpaka nditapeza mowa wa tirigu, womwe suwawa kwenikweni. Ulendo wina pemphani akuthirireni pang'ono mulawe kaye. Pa hake munasankha bwino, mafuta okazingira amachepetsa kuwawako. Dziwaninso kuti ukali wa IPA yambiri umafika 6 peresenti, kuposa Green wakwathu.