Chikondwererocho chilandireni, koma zokulitsa msewu musathamangire

Mayi, nkhani yanu ndaimva. Mwati gulu lina likufuna kumachititsa chikondwerero cha zoimbaimba cha masiku atatu mumzinda wanu chaka ndi chaka. Lalonjeza kuti alendo azidzasiya ndalama zankhaninkhani, koma lapempha kuti khonsolo iyambe yakulitsa msewu wopita kumalo ochitikirako. Inuyo muli m'komiti yoti ipereke maganizo, ndiye mukufunsa ngati muvomere. Ine ndikuti chikondwererocho chilandireni, koma pa za msewu kokani kaye mwendo. Zilipo zina zotchipa zimene zingakupindulireni kuposa phula latsopano.

Tiyambe ndi ndalama akunenazo. Kawirikawiri okonza amangotenga chiwerengero cha anthu oyembekezeka, n'kuchulukitsa ndi ndalama zimene munthu mmodzi angawononge, basi aika papepala. Afunseni kuti mwa anthuwo ndi angati ochokera kunja kwa mzinda. Munthu wa mumzinda momwemo akagula tikiti ndi chakudya kuchikondwerero sanabweretse ndalama yatsopano ayi, wangoilanda ku lesitanti kapena sitolo imene akanapitako sabata imeneyo. Ngakhale ku Oktoberfest, chikondwerero cha mowa cha ku Munich m'dziko la Germany, chimene chinayamba mu 1810 ndipo chimalandira anthu pafupifupi 6 miliyoni m'masabata awiri ndi masiku pang'ono, ambiri mwa obwera amakhala a m'chigawo cha Bavaria chomwecho. Amene amalemeretsa Munich ndi alendo ogona. Kafukufuku wa mzindawo amasonyeza kuti ndalama zoposa theka zimathera kunja kwa bwalo la Theresienwiese pomwe chikondwererocho chimachitikira, m'mahotela, m'masitolo ndi pa mayendedwe. Tsono ngati chanucho chili kutali ndi pakati pa mzinda, anthu akugona m'matenti mkati mwa mpanda, kudya momwemo, kumwa momwemo, mzinda udzangoonerera magalimoto akudutsa.

Ndalama ina imalowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Oimba otchuka amanyamula yawo, kampani yobwereketsa zokuzira mawu ndi nyali yanyamula yake, ogulitsa matikiti pa intaneti nawonso adulapo. Palinso ina imene imathawa osaiona. Makasitomala a tsiku ndi tsiku akamva kuti misewu yatsekedwa amangokhala kunyumba, ndipo wogulitsa simenti ndi utoto m'mbali mwa msewuwo amatsegula sitolo n'kuwodzera tsiku lonse. Ku London, m'masiku oyamba a masewera a Olympics a 2012, eni masitolo ndi malo azisudzo pakati pa mzinda anadandaula kuti anthu achepa, chifukwa ambiri anamvera chenjezo loti apewe malo othithikana.

Chachikulu kwa inu a komiti n'chakuti ngakhale ndalama yotsalayo siilowa m'thumba la khonsolo. Imapita kwa eni mahotela, oyendetsa matakisi ndi ogulitsa zakudya, zomwe n'zabwino ndithu, koma msonkho wa pa malonda m'mayiko ambiri umatoleredwa ndi boma lalikulu. Khonsolo imatsala ndi ngongole yochotsa zinyalala, kutsuka zimbudzi ndi kukwirira maenje. Taonani Makhanda ku South Africa, mzinda umene kale unkatchedwa Grahamstown. Wakhala ukulandira chikondwerero cha zaluso cha National Arts Festival kuyambira mu 1974, koma mpaka lero anthu akumeneko akulimbana ndi misewu yokumbika ndiponso madzi osowa m'mipopi. Chikondwerero pachokha sichikonza msewu ngati palibe njira yolembedwa yotengera gawo la ndalama zake kupita kumsewuko. Edinburgh ya ku Scotland, imene zikondwerero zake za mu Ogasiti zinayamba mu 1947, yadzavomereza msonkho wa alendo mu Januwale 2025, wa 5 peresenti pa mtengo wa malo ogona, woyamba kugwira ntchito pa 24 Julayi 2026. Apanso panafunika kuti nyumba ya malamulo ya Scotland iyambe yapereka mphamvuzo kwa makhonsolo mu 2024. Musanawerengere msonkho ngati umenewu, funsani loya wa khonsolo ngati malamulo a dziko lanu amalola.

Tsopano za msewu, pomwe pagona nkhani. Anthu amasakaniza mavuto awiri osiyana: kuthithikana kwa magalimoto ndi kuonongeka kwa msewu. Ochititsa ake ndi osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana.

Oononga msewu si magalimoto ang'onoang'ono a alendo. Pakati pa 1958 ndi 1960 mainjiniya a ku America anachita kafukufuku wotchedwa AASHO Road Test ku Ottawa, Illinois, akuyendetsa malole olemera mosiyanasiyana pa misewu yoyesera. Anapeza kuti katundu wotsamira pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali zonse ziwiri) akawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Powerengera motero, ekiselo ya lole yonyamula matani 10 ikadutsa kamodzi imafanana ndi ekiselo ya galimoto yaing'ono ya tani imodzi yodutsa ka 10,000. Ndi chiyerekezo chabe, koma chikuuzani kolozetsa maso. Malole obweretsa zitsulo za nsanja, majenereta, mathanki a madzi ndi zakumwa amayamba kufika masiku angapo chisanayambe, ndipo amapitiriza chitatha. Mukadzapita pageti lolowera katundu, mudzaone pamene lole imakhotera: matayala akumbuyo amakwekwesa phula, makamaka kukatentha, n'kulikankhira mbali imodzi ngati makwinya. Onaninso m'mphepete mwa msewu pamene anthu amaimika magalimoto matayala awiri ali paphula, awiri ali padothi. Phula limayamba kubenthukabenthuka m'mbali, ngalande imakwiririka, mvula ikabwera madzi alowa pansi, chaka chamawa dzenje.

Izi sizifuna msewu waukulu. Zimafuna njira imodzi yodziwika yodzera malole, yolimbitsidwa pokhotera, ndi ngalande zoyeretsedwa nthawi isanakwane. Injiniya wa khonsolo ayende msewu wonse pamodzi ndi woimira okonza, ajambule zithunzi chikondwerero chisanayambe, adzayendenso chikatha. Okonzawo asiye chikole m'manja mwa khonsolo, chobwezedwa pokhapokha zoonongeka zitakonzedwa. Akakana mfundo imeneyi, mwadziwiratu mtundu wa anthu amene mukuchita nawo.

Kuthithikana ndiye kumapusitsa ambiri, poti aliyense akakhala pamdipiti wa magalimoto amaganiza kuti msewu wachepa. Nthawi zambiri chotsekereza chimakhala kumapeto, pageti pomwe akuona matikiti kapena pabwalo loimikapo magalimoto. Ku chikondwerero cha zoimbaimba cha Glastonbury ku England mu Juni 2016 anthu anakhala m'magalimoto maola ambirimbiri, ena usiku wonse, chifukwa mvula inasandutsa minda yoimikamo magalimoto kukhala matope okhaokha, olowa akutitimira. Msewu ukanakula chotani, mzere ukanaima chimodzimodzi. Ku chikondwerero cha Woodstock mu Ogasiti 1969, pafamu ya ng'ombe zamkaka ku Bethel m'chigawo cha New York, kunakhamukira anthu oposa 400,000. Ambiri anangosiya magalimoto pamsewu n'kuyamba wapansi, mpaka oimba ankabwera nawo pa helikopita. Khamu likafika pamenepo palibe msewu umene ungalimeze.

Njira yake ndi kuchepetsa magalimoto ofika pamalopo. Ku Munich kulibe malo oimikapo magalimoto a alendo pabwalo la Oktoberfest. Anthu amabwera pa sitima zapansi panthaka, pa mabasi ndi wapansi. A Glastonbury amayamba kugulitsa matikiti ophatikiza ndi ulendo wa pa basi asanatsegule a wina aliyense, ndiye wofunitsitsa tikiti amakopeka kusiya galimoto kunyumba. Inu ngati mulibe sitima, pezani mabwalo awiri kapena atatu kunja kwa mzinda, anthu azisiya magalimoto kumeneko n'kukwera mabasi oyenda mosadukiza, ndipo mtengo wa basi ukhale m'tikiti momwemo. Basi imodzi imachotsa pamsewu magalimoto ang'onoang'ono okwana makumi awiri kapena kuposerapo. Ogwira ntchitoyi akhale eni mabasi a mumzinda mwanu, apo ndiye ndalama yatsala pakhomo.

Muganizirenso kwambiri za nthawi yotuluka. Pobwera anthu amafika pang'onopang'ono tsiku lonse, koma woimba womaliza akangotsika pansanja onse amadzuka nthawi imodzi, usiku, atatopa, ena ataledzera. Ola limenelo ndilo muyenera kulikonzekera: nyali m'njira za oyenda pansi, apolisi apamsewu pamphambano iliyonse, msewu wina usandutsidwe wotulukira mbali imodzi yokha, ndipo pakhale njira ya ambulansi ndi ozimitsa moto imene palibe wololedwa kuimikamo, kaya ndi bwana wamkulu chotani. Apa sipofunika kunyengererana. Pa 24 Julayi 2010 anthu 21 anafa pa chikondwerero cha zoimbaimba cha Love Parade ku Duisburg m'dziko la Germany atapanikizana pamalo opapatiza amene olowa ndi otuluka ankadzera limodzi. Polowera pakhale pena, potulukira pena, ndipo wowerengera kuchuluka kwa anthu amene malowo angalandire asakhale wolembedwa ntchito ndi ogulitsa matikiti.

Sindikunena kuti msewuwo usadzakulitsidwe mpaka kalekale. Funso loyenera n'lakuti kodi umadzaza pa tsiku wamba, Lachiwiri m'mawa mwezi wopanda chochitika chilichonse? Ngati umadzaza, ngati ukupita kumene kukumangidwa nyumba, msika kapena mafakitale, ukulitseni chifukwa cha eni mzinda, alendo adzangopezerapo mwayi. Koma ngati masiku enawo umakhala pululu, kumbukirani kuti mlendo ndi mame. Okonza chikondwerero akhoza kusamukira kwina pakatha zaka ziwiri, kapena kugwa mphwayi matikiti akapanda kuyenda malonda, inu n'kutsala ndi ngongole komanso msewu wotakata wofuna kusamalidwa chaka chilichonse, pamene misewu ya kumene anthu amakhala ikudikirabe.

Ku msonkhano wanu wa komiti kapempheni kuti magalimoto odutsa pamsewuwo awerengedwe kwa sabata yathunthu panopa, chikondwerero chisanafike, kuti mudzakhale ndi pofanizira. Mgwirizano woyamba ukhale wa chaka chimodzi, osapitirira ziwiri. Mulembemo kuti okonza adzapereka kwa khonsolo chiwerengero cha matikiti ogulitsidwa ndi kumene ogulawo akuchokera, kuti gawo la malo ogulitsira zakudya lisungidwire amalonda a mumzinda, ndiponso kuti pa tikiti iliyonse padzadulidwa kandalama kolowa m'thumba lapadera la misewu ndi ukhondo, losasakanizidwa ndi ndalama zina za khonsolo. Eni mahotela ndi malo ogona muwapemphe okha akuuzeni zipinda zimene zinadzaza masiku amenewo poyerekeza ndi sabata ngati yomweyo chaka chatha. Mukadzakhala ndi ziwerengero zimenezi m'manja chikatha chikondwerero choyamba, mubwere nazo muno tidzaunikire limodzi za chaka chachiwiri.