Funsani Amisiri: Boila ya Nkhuni ya Panja

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa abale athu okhala m'madera ozizira a America ndi Canada. Ena agula nyumba zakumidzi n'kupeza kuseri kuli kanyumba kachitsulo kokhala ndi chumuni, ndipo wogulitsa anangowauza kuti "moto wa nyumba yonse uli mmenemo." Imeneyo ndi boila ya nkhuni ya panja. Mkati mwake muli ng'anjo yozunguliridwa ndi thanki ya madzi, kawirikawiri malita 400 mpaka 1,500. Madziwo akatentha kufika madigiri 82, omwe pa geji ya ku America ndi 180, pampu imawakankha m'mapaipi okwiriridwa pansi mpaka m'nyumba, kumene amasiya kutentha kwawo n'kubwerera. Madigiri onse m'mayankhowa ndi a Celsius.

A Mkonzi, boila yathu ikufuka utsi wochititsa manyazi, ikudya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, ndipo pachitseko pakuyenderera zinthu zakuda ngati phula. Kodi yawonongeka? Bambo wa ku Wisconsin

Bambo, musathamangire kuitana mmisiri. Yambani mwawaza chikuni chimodzi pakati, mubaye pamene mwawazapo ndi kamakina koyezera chinyezi cha nkhuni, komwe kamapezeka m'sitolo za hadiweya. Kakasonyeza zoposa 20 pa 100, vuto mwalipeza. Kuyeza kunja kwa chikuni n'kudzinamiza, chifukwa kunja kumauma msanga mkati muli madzi.

Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Chikuni cha makilogalamu 10 chikhoza kukhala ndi malita anayi kapena asanu a madzi, ndipo moto uyenera kuyamba wawawiritsa onsewo usanatenthetse nyumba yanu. Apa ndi pamene nkhuni zanu zikuthera. Moto wa nkhuni zaziwisi umakhalanso wozizira, ndiye utsi sukupsa, ukungomata m'makoma a ng'anjo ndi m'chumuni. Phula lakudalo ndi creosote. Likachuluka limatseka njira za mpweya, ndipo tsiku lina limayaka lokha m'chumuni.

Pali chachiwiri, chimene ambiri sachidziwa. Boila imeneyi siyaka nthawi zonse. Ili ndi kachipangizo kotchedwa aquastat, kamene kamatseka kakhomo ka mpweya ndi kuzimitsa fani madzi akafika 82, kenako n'kutsegulanso akatsika ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi. Pakati pa nthawi ziwirizi moto umangonyeka. Mukadzaza ng'anjo mpaka kukamwa tsiku lofunda la mu October, nkhunizo zimanyeka maola ambiri, n'kumapanga phula lokhalokha. Ikani nkhuni zokwanira maola 10 mpaka 12 basi, kuti pobwerera mukapeze makala osati zikuni zakuda theka. Kuponya kawiri pa tsiku kumaposa kudzaza kamodzi n'kuiwalako.

Za kaumitsidwe: wazani, sanjikani pa mapaleti kuti zisakhudze nthaka, fundikani pamwamba pokha, m'mbali musiye mphepo izidutsa. Pine ndi poplar zimauma m'miyezi 6 mpaka 12. Oak ndi wamakani, amafuna zaka ziwiri, koma akauma kutentha kwake kumaposa kwa pine kutali. Kumeneko nkhuni amagulitsa pa cord, mulu wa mafiti 4 m'lifupi, 4 m'mwamba ndi 8 m'litali, omwe ndi makyubiki mita 3.6, kapena tinene mamendulo atatu ndi theka a kwathu kuno. Chenjerani ndi wogulitsa amene akunena face cord, chifukwa imeneyo nthawi zambiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a cord yeniyeni.

Onaninso chingwe chotsekera m'mphepete mwa chitseko. Panikizani kapepala ndi chitseko, mukakoke. Kakatuluka mosavuta, mpweya ukulowa mozemba ndipo chingwecho chisinthidwe. Potsegula chitseko, tsegulani pang'ono kaye, muime pambali masekondi angapo. Utsi wotsekeredwa ukakumana ndi mpweya mwadzidzidzi umatulutsa lawi lotha kukuwaulani nsidze.

Geji ya pa boila ikusonyeza 82 koma m'nyumba tikugona ndi majuzi. Taonanso kuti pamzere pamene panadutsa mapaipi, chipale chofewa chimasungunuka msanga. Zikugwirizana? Mayi wa ku Ontario

Zikugwirizana ndithu, Mayi. Mzere umenewo ukukuuzani kuti mukuwotha nthaka.

Mapaipi a pansi alipo amitundu iwiri. Otsika mtengo ndi mapaipi awiri apulasitiki otchedwa PEX okulungidwa ndi zokutira zonyezimira n'kulowetsedwa m'paipi yaikulu yakuda ya manyirinyiri. Paipi yakunjayo ikangobooka ndi mwala, madzi a pansi amalowa, zokutira zimanyowa, ndipo chokutira chonyowa sichisunga kutentha, monga bulangete lonyowa silifunditsa. Odula ndi amene mapaipi ake aumbidwa m'thovu lolimba losamwa madzi, kunja kuli chikopa cha pulasitiki chokhuthala. Pa boila yonse, apa ndi pamene munthu sayenera kuumira, chifukwa kukonza kwake ndi kukumbanso ngalande yonse.

Musanakumbe, yezani. Ndi choyezera kutentha chimodzi chomwecho, yezani paipi pamene ikutuluka pa boila ndi pamene ikulowa m'nyumba. Pa mamita 30, paipi yabwino imataya digiri imodzi kapena kucheperapo. Kuti mudziwe zimene mukutaya, chulukitsani malita oyenda pa mphindi ndi madigiri otayika, kenako ndi 0.07. Yankho lake ndi makilowati. Ngati pampu ikuyendetsa malita 26 pa mphindi ndipo mukutaya madigiri 5, ndiye kuti makilowati 9 akupita m'dothi pa ulendo wopita wokha. Nyumba yofuna makilowati 20 usiku wozizira yaberedwa pafupifupi theka.

Ngati mapaipi ali bwino, yang'anani kayendedwe ka madzi. Yezani paipi yolowa ndi yotuluka pa heat exchanger, chipangizo cha m'nyumba chimene madzi amasiyamo kutentha kwawo, fani ya m'nyumbamo ikuzungulira. Kusiyana koyenera ndi madigiri 11 kapena pafupi pamenepo. Kukafika 20 kapena 25, madzi akuyenda pang'onopang'ono. Zoyambitsa zake, kuyambira chosavuta: sefa ya paipi yadzaza zinyalala, mpweya watsekeredwa pamalo okwera a mapaipi, exchanger yamatidwa ndi laimu wa m'madzi a pachitsime, kapena pampu ndi yaing'ono. Paipi ya inchi imodzi imakwanira nyumba wamba ikakhala pafupi, koma mtunda ukatalika kapena mukawonjezera galaja, pamafunika ya inchi imodzi ndi kota. Pampu imangidwe m'munsi mwa boila. Maboila ambiri a panja ndi otsegula pamwamba, alibe puresha, ndiye pampu yoikidwa pamwamba imayamwa nthunzi n'kumalira ngati muli timiyala.

Boila ya mnzanga inabooka isanathe zaka zisanu ndi ziwiri. Ndichite chiyani kuti yanga ikhalitse? Wowerenga wa ku Michigan

Achimwene, chitsulo cha boila chimadyedwa mbali ziwiri, ya madzi ndi ya moto.

Kumbali ya madzi, popeza thanki ndi yotsegula, mpweya umalowa m'madzi n'kuyambitsa dzimbiri. N'chifukwa chake mumathiridwa mankhwala oletsa dzimbiri, ambiri okhala ndi nitrite. Thirani amene opanga boila yanu analamula, ndipo chaka chilichonse tumizani kabotolo ka madzi kuti akayeze. Makampani ambiri amakana walanti ngati mulibe umboni wa kuyeza kumeneku. Sungani madzi pa mzere wake. Ngati mukuwonjezera sabata iliyonse, ndiye kuti pena pakudontha kapena boila ikuwira, ndipo madzi atsopano aliwonse amabwera ndi mpweya watsopano n'kusungunula mankhwala aja.

Kumbali ya moto, mdani ndi phulusa lonyowa. Aliyense amene anaonapo amayi akucheza chidulo cha thelere akudziwa kuti phulusa likakumana ndi madzi limatulutsa madzi oluma. Chidulo chomwecho chikakhala m'makona a ng'anjo miyezi ingapo chimaboola chitsulo. Palani m'makona sabata iliyonse, chotsani phulusa lisanaunjikane, muliike m'ndowa yachitsulo yovundikira, kutali ndi nyumba, chifukwa makala amakhala amoyo m'phulusa masiku angapo. Nyengo yozizira ikatha, chotsani phulusa lonse, palani phula, vundikirani chumuni kuti mvula isalowe, koma madzi a mankhwala aja muwasiye m'thanki.

Madzi onyowetsa phulusawo amachokera kuti? Ena ku nkhuni zaziwisi, ena ku madzi obwerera ozizira. Madzi ochokera m'nyumba akamabwerera ali pansi pa madigiri 60, makoma a ng'anjo amachita thukuta ngati botolo lotuluka m'firiji. Chothetsera vutoli ndi valavu yodziyendera yokha imene imabweza madzi otentha ku boila mpaka itafunda. Ndipo musatsitse aquastat kufika 65 poganiza kuti mukusunga nkhuni. Mukusunga nkhuni zochepa n'kumaononga boila.

Zinyalala, mapulasitiki, matayala, matabwa opentedwa ndi matabwa obiriwira othiridwa mankhwala a chiswe asalowe m'ng'anjo. Matabwa akale amtunduwu ali ndi arsenic, yemwe amatsala m'phulusa ndi mu utsi.

Tikufuna kupita kumudzi ku Ntcheu masabata atatu pa Khirisimasi. Boila tiisiya bwanji? Banja la ku Minnesota

Funso lenileni la Amalawi limeneli, poti December ndi mwezi umene mtima umakhala kumudzi pomwe ku Minnesota kuzizira kumatha kutsika kupitirira madigiri 25 pansi pa ziro. Madzi akaundana amafufuma, ndipo amang'amba thanki, pampu ndi mapaipi usiku umodzi.

Njira imene tingakulangizeni ndi iyi. Moto uzime, pampu muisiye ikuzungulira usana ndi usiku, ndipo chotenthetsera china cha m'nyumba, cha gasi kapena cha mafuta, chikhale choyatsa pa madigiri 13 mpaka 15. Mpweya wake wofunda podutsa pa exchanger umafunditsa madzi pang'ono, ndipo kufunda kumeneko kumabwerera ku boila. Mulipira gasi wochulukirapo, koma boila ipulumuka. Kufooka kwa njirayi ndi magetsi. Akathima tsiku lathunthu inu muli ku Ntcheu, zonse zaima. Choncho pakhale munthu wobwera kudzaona tsiku lililonse, ndipo kachipangizo kotumiza uthenga pa foni kutentha kukatsika kangakuthandizeni.

Njira ina ndi kuthira m'madzi propylene glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana. Imateteza ngakhale magetsi atathima, koma pa malita mazanamazana ndi ndalama zambiri, imachepetsa kutentha kumene madzi amanyamula, ndipo iyenera kuyezedwa chaka ndi chaka. Ya m'galimoto, ethylene glycol, ndi poizoni, isayandikire mapaipi okhudzana ndi madzi osamba. Njira yomaliza ndi kukhuthula madzi onse n'kupemerera mapaipi ndi kompuresa, koma madzi otsalira pamalo otsika amaundanabe, ndiye ichitidwe ndi wodziwa.

Magetsi akathima muli pakhomo, musawonjezere nkhuni. Kakhomo ka mpweya kamadzitseka kokha. Jenereta yaing'ono ya mawati 2,000 imayendetsa pampu ndi mafani, bola ikhale panja, osati m'galaja, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete.

Ndigule yakale yotchipa kapena yatsopano? Bambo wa ku New York

Yambani ndi malamulo, Bambo. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linakhazikitsa malire a utsi wa maboila atsopano mu 2015, ndipo gawo lachiwiri lokhwima kwambiri linayamba mu May 2020. Boma la New York lili ndi lamulo lakelake, Part 247, lofuna kuti boila yatsopano ya pakhomo ikhale mafiti 100 kuchokera m'malire a puloti ndipo chumuni chitalike mafiti 18. Matauni ena amawonjezera zawo, ena amaletseratu. Funsani ku khonsolo ndi kwa a inshuwalansi musanapereke ndalama.

Zatsopano zambiri ndi za gasification. Fani imakankhira utsi pansi kudutsa m'makala, n'kukaupsereza m'chipinda chachiwiri cha njerwa zosapsa. Utsi umachepa, nkhuni zimatsika kwambiri. Amazipanga makampani monga Central Boiler ya ku Greenbush, Minnesota ndi HeatMaster ya ku Winkler, Manitoba. Koma n'zosankha zakudya: nkhuni zaziwisi sizilola, ndipo timapaipi ta utsi timafuna burashi kawirikawiri. Maganizo athu ndi akuti boila imapindulira munthu wokhala ndi nkhalango yake, macheka, ndi msana wolimba. Wogula chikuni chilichonse awerengere bwino. Nkhuni mugule za m'dera lanu lomwelo, chifukwa kachilombo koboola mitengo kotchedwa emerald ash borer, kamene kanapezeka pafupi ndi Detroit mu 2002, kafalikira kwambiri ndi nkhuni zonyamulidwa mtunda wautali, ndipo madera ambiri amaletsa kuzisamutsa.

Kuno ku Dedza tili ndi mgolo wa malita 200 womangidwira m'njerwa, timasonkha moto pansi kuti alendo asambe madzi otentha. Malangizowa akutikhudza? Mayi wa malo ogona alendo

Akukukhudzani, Mayi, ngakhale wanuwo sufuna pampu: madzi otentha amakwera okha, ozizira amalowa m'munsi. Nkhuni zouma, kuchotsa phulusa ndi kukutira paipi ya madzi otentha n'chimodzimodzi. Chachikulu ndi paipi yopumira, ija yoima pamwamba pa mgolo. Italike kuposa madzi a m'thanki yodyetsa mgolowo, ikhale yotsegula nthawi zonse, ndipo pasaikidwe mpopi kapena chotsekera ngakhale ikulavula madzi. Ikamalavula, chepetsani moto. Mgolo wotsekedwa uli pamoto umaphulika. Muziionanso kukamwa kwake, poti mavu amakonda kumangamo. Ndipo tsiku limene madzi a m'thanki atha, moto usasonkhedwe mpaka mgolo utadzazanso.