Mafayilo asowa, kompyuta ikuvuta kuyaka: musathamangire kufomata

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi wa ku pulayimale. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Kunyumba tili ndi kompyuta ya patebulo yomwe tinagula yogwiritsidwa kale ntchito, ili ndi Windows 10. Lachiwiri magetsi anazima ili chiyakire. Atabweranso, inayamba kulemba kuti Preparing Automatic Repair, n'kukhala pomwepo nthawi yaitali. Itayaka, zanga zonse kunalibe: chithunzi cha pa sikirini chasintha, mu Documents mulibe kanthu, masikimu anga a temu yonse ndi zithunzi za ukwati wa mwana wanga sizikuoneka. Masiku ena imafuna ndidine kaye F1, ndipo deti limakhala lolakwika. Bambo a kunyumba akuti ndi mdzukulu wathu amene amasewerapo magemu. Wokonza makompyuta wa mtauni akuti ndi vayirasi, tingofomata. Kodi zinthu zanga zapita? Nditani?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi zofunika msanga: kompyutayo isafomatidwe, ndipo mpaka mutapeza fulashi yaikulu kapena hard disk yapadera yokoperamo zinthu, isamayatsidwe wamba. Osasungamo kanthu katsopano, osaikamo pulogalamu ina iliyonse, ngakhale zija anthu amati zimabweza mafayilo. Mdzukuluyo apume kaye magemu, koma osati poti ndi wolakwa. Mwana akafufuta zinthu amafufuta foda imodzi kapena ziwiri, ndipo nthawi zambiri mumazipeza mu Recycle Bin. Kukhuthula Documents yense, kusintha maonekedwe a sikirini ndi kulepheretsa Windows kuyaka, zonsezo tsiku lomwe magetsi anazima, si ntchito ya mwana imeneyo.

Ndikukakamira zosasungamo kanthu chifukwa cha momwe Windows imafufutira. Siipukuta fayilo pa diski nthawi yomweyo, imangolemba kuti malo ake tsopano ndi opanda mwini. Inu aphunzitsi mukudziwa: dzina la mwana likhoza kufufutidwa m'kaundula iye adakali pa desiki yake, ndipo amachokapo pokhapokha mwana wina atapatsidwa malowo. Chilichonse chatsopano chomwe mwasunga chikhoza kukhala pa malo a zithunzi za ukwati zija, ndipo zikatero palibenso mmisiri angazibweze.

Koma ine sindikukhulupirira kuti zafufutidwa n'komwe. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto lomwe Windows imalitcha temporary profile. Munthu aliyense wolowa mu kompyuta amakhala ndi foda yakeyake, ndipo m'fodamo muli kafayilo kobisika kotchedwa NTUSER.DAT komwe kamasunga makonzedwe ake onse. Magetsi akazima pamene Windows ikulemba m'kafayilo kameneka, kamatha kuwonongeka. Poyaka, Windows ikalephera kukawerenga, imakutsegulirani akaunti yongoyembekezera, yopanda kanthu, ngati kuti kompyutayo yangochoka kumene m'sitolo. Nthawi zina imachenjeza ndi mawu akuti "We can't sign in to your account" kapena "You've been signed in with a temporary profile", koma munthu mtima uli m'mwamba amangodina Close osawerenga.

Kutsimikiza n'kosavuta. Lumikizani kaye fulashi yanu, muyatse kompyutayo, mudine batani la Windows pamodzi ndi E. Pitani pa This PC, mutsegule Local Disk C, kenako Users. Mukaona foda yotchedwa TEMP pambali pa ina ya dzina lanu, kapena dzina lomwe anakulemberani amene anakugulitsani, ndiye kuti nkhani ndi imeneyi. Tsegulani ya dzina lanuyo. Ikanena kuti mulibe chilolezo, dinani Continue. Mkati mwake muyang'ane Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads, ndipo mukazipeza zinthu zanu, koperani pompopompo, muyambe ndi zomwe simungazipangenso. Zithunzi za ukwati zikhale patsogolo, masikimu pambuyo, nyimbo ndi mafilimu kumapeto ngati malo alipo. Mukamaliza, tsegulani mafayilo angapo kuchokera pa fulashipo, makamaka pa kompyuta ina, muone ngati akutseguka bwino.

Chenjezo limodzi lomwe lapweteka anthu ambiri: chilichonse chomwe mwasunga muli mu akaunti yongoyembekezerayo chimachotsedwa mukangotuluka kapena kuzimitsa. Ngati mwayamba kale kulembanso masikimu mmenemo, akopereni pa fulashi musanazimitse.

Zinthu zikatetezeka, yesani Restart. Nthawi zina akaunti imabwerera yokha, makamaka ngati kafayilo kaja sikanawonongeke koma kanangogwiridwa ndi pulogalamu ina poyaka. Ikakana, njira yoyera ndi kupanga akaunti yatsopano pa Settings, Accounts, n'kusamutsiramo mafayilo anu. Pa intaneti mupeza malangizo osintha zinthu mu Registry, kaundula wamkati momwe Windows imasungamo makonzedwe ake. Amagwira ndithu, koma mukaphonya mzere umodzi mukhoza kudzitsekera panja, choncho amenewo asiyireni mmisiri.

Nanga mukapeza foda ya dzina lanu ili yopanda kanthu? Pali malo angapo oti muyang'ane musanataye mtima. Ngati mumalowa ndi akaunti ya Microsoft, tsegulani onedrive.com pa foni, chifukwa OneDrive, malo a Microsoft osungirako mafayilo pa intaneti, imatha kutenga Desktop, Documents ndi Pictures n'kumazisunga kwake, ndipo zofufutidwa kumeneko zimakhala mu bini yake masiku 30. Mu Windows Security muli gawo la Protection history losonyeza mafayilo omwe Defender, antivayirasi yobwera ndi Windows, yawatsekera powakayikira. Palinso Storage Sense, gawo la Windows lotsegula malo pa diski, yomwe ikayatsidwa imakhuthula zomwe zatha masiku 30 mu Recycle Bin, ndipo ikhoza kuikidwa kuti izichotsanso zokhalitsa mu Downloads. Imeneyi imagwetsa anthu amene amasunga zikalata zofunika mu Downloads zaka ndi zaka. Komanso Windows ikadzikonzera yokha diski magetsi atazima, zidutswa za mafayilo zomwe yasowa kozibweza imaziponya mu foda yobisika yotchedwa FOUND.000, ndi mayina othera .CHK. Zimaoneka ngati zinyalala, koma mmisiri wodziwa amatha kutolamo zithunzi ndi zikalata.

Kuti Windows payokha ifufute mafayilo a munthu zinachitikapo. Mu Okutobala 2018, Microsoft inaimitsa kaye kugawa Windows 10 ya mtundu wa 1809 patangopita masiku ochepa, anthu ena atadandaula kuti zinthu zawo za mu Documents zasowa itangolowa. Inakonzedwa n'kutulutsidwanso mu Novembala chaka chomwecho. Yanuyi si imeneyo, ndangoitchula kuti bambo a kunyumba adziwe kuti si nthawi zonse pamakhala dzanja la munthu.

Za vayirasi, sindikutsutsa kuti ingakhalepo, poti kompyuta ya aphunzitsi imalandira mafulashi ochokera kulikonse. Koma mavayirasi ali ndi zizindikiro zawo. Ija yofala pa mafulashi imabisa mafoda enieni n'kuikapo ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona. Mafayilo amakhala alipo, ndipo amaonekanso mukalemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* mu Command Prompt (windo la Windows lolembamo malamulo), pomwe E ndi chilembo cha fulashiyo. Ina yoopsa, ya ransomware, imasintha mayina a mafayilo, kuwatseka, n'kusiya kalata yofuna ndalama. Inu simunatchule chilichonse mwa izi. Mawu akuti "ndi vayirasi, tingofomata" amatuluka msanga m'mashopu ambiri chifukwa kufomata ndi ntchito yachangu, pomwe kufufuza mafayilo kumadya tsiku lonse pa mtengo womwewo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi diski yeniyeniyo. Kompyuta yogulidwa yakale, kuyaka kochedwa, Automatic Repair, akaunti yowonongeka: zonsezi zikhoza kuchokera ku kuzima kwa magetsi kokha, koma zikhozanso kutanthauza kuti hard disk yayamba kutha ndipo magetsi angoulula. Windows imalowa mu Automatic Repair ikalephera kuyaka kawiri motsatizana, ndipo diski yomwe ili ndi malo osawerengeka imachititsa zimenezo mobwerezabwereza. Ikani khutu pafupi ndi bokosilo poyaka. Diski yabwino imangolira pansipansi. Mukamva kuti kha-kha-kha mobwereza, kapena ikuzungulira n'kuima, kuzunguliranso n'kuima, zimitsani, musayesenso, chifukwa kuyatsa kulikonse kumawonjezera chilonda. Ikakhala chete, pemphani wina akukopereni pa fulashi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo, ya mtundu wosafuna kuikidwa mu kompyuta. Imawerenga zomwe diski imalemba yokha za thanzi lake n'kukuuzani ndi mawu amodzi: Good wabuluu, Caution wachikasu, kapena Bad wofiira. Pa Caution, yang'anani mizere ya Reallocated Sectors Count ndi Current Pending Sector Count, yomwe imawerenga malo a diski owonongeka ndi okayikitsa. Ikakhala yachikasu, diskiyo musaidalirenso, ngakhale itayaka bwinobwino mawa.

Apa pali msampha wina. Anthu ambiri akuuzani kuti muyendetse chkdsk. Ndi chida chabwino pa diski yathanzi, koma ntchito yake ndi kukonza dongosolo la diski, osati kupulumutsa zinthu zanu, ndipo pa diski yodwala imaigwiritsa ntchito yolemetsa kwa maola. Kukopera kuyambe, chkdsk ibwere pambuyo.

Ikafika pokana kuyakiratu, mafayilo amatulukabe. Mmisiri akhoza kuyatsa kompyutayo kuchokera pa fulashi yokhala ndi Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, n'kusankha Try Ubuntu m'malo mwa Install, ndipo foda ya Users imaoneka ngati pa fulashi wamba. Kapena achotse diskiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Ikafunsa nambala ya BitLocker, loko wa Windows wotsekera diski, imeneyo ndi ya manambala 48, ndipo kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene anaitchera. Pokhapokha zonsezi zitalephera m'pamene timayesa mapulogalamu obweza zofufutidwa monga Recuva kapena PhotoRec, ndipo zobwezedwazo zisungidwe pa diski ina, osati yomweyo. PhotoRec imachita bwino pa zithunzi, kungoti imazibweza zopanda mayina ake, ndiye mudzakhala ndi ntchito yosankhula. Ngati m'kompyutamo muli SSD, diski yamakono yopanda chozungulira mkati, m'malo mwa diski yozungulira, mwayi wobweza zofufutidwadi ndi wochepa, chifukwa SSD imapukuta malowo payokha posakhalitsa.

Za F1 ndi deti lolakwika ndi nkhani ina, yotsika mtengo. Pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, pali kabatire kozungulira ngati kobiri, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3, komwe kamasunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS (kapulogalamu koyamba kugwira ntchito Windows isanayake) kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Katha mphamvu. Kamapezeka ngakhale kwa ogulitsa mawotchi. Musakachedwetse, popeza makonzedwewo akabwerera pachiyambi, kompyuta imatha kusintha njira yolankhulira ndi diski, Windows n'kulephera kuyaka ndi uthenga wa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE pa sikirini yabuluu pomwe diskiyo ilibe vuto.

Mukabwerera kwa wokonza uja, pitani ndi fulashi yanu ndipo mumuuze momveka: akopere kaye foda yonse ya Users, muone ndi maso anu kuti zithunzi zikutseguka, akuonetseni thanzi la diski, kenako mukambirane za kufomata. Akafuna kugwiritsa ntchito Reset this PC, pali zosankha ziwiri, Keep my files ndi Remove everything, ndipo ngakhale yoyambayo imachotsa mapulogalamu monga Office, choncho mufunse ngati awabwezeretse. Akakana kukopera kaye, nyamulani bokosi lanu mupite kwina.

Ngati diski ipezeka yodwala, gulani SSD, ngakhale yaing'ono, Windows iikidwe pamenepo, ndipo yakaleyo muisunge osaifomata mpaka mutatsimikiza kuti zonse zatuluka. Mufunsenso ngati kompyutayo ingalandire Windows 11, poti Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ndalama zikalola, UPS yaing'ono, bokosi la batire lolumikiza pakati pa soketi ndi kompyuta, imakupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino magetsi akathawa, ndipo kwa kompyuta ya patebulo yopanda batire ngati yanuyi, ndingasankhe imeneyo kusiyana ndi antivayirasi yolipira.

Mukayang'ana mu Users, mundilemberenso mayina a mafoda omwe mwapezamo ndi mtundu womwe CrystalDiskInfo yaonetsa. Kujambula sikirini ndi foni n'kokwanira.