Kufewetsa galimoto ya sport suspension

Mwafunsa momwe mungafewetsere galimoto yanu ya sport suspension (masipuling'i aafupi ndi mashoko olimba) yomwe ikugunda kwambiri pa mabampu. Musathamangire mashoko, yambani ndi matayala. Mpweya ukhale monga zalembedwera pa chomata cha pachitseko cha dalaivala, poti ena amapopa mopyola muyezo. Kenako chepetsani rimu. Mukachoka pa tayala la saizi 225/40 R18 (rimu ya mainchi 18) kupita pa 225/45 R17 (rimu ya mainchi 17), msinkhu wa tayala lonse susintha kwenikweni, koma mphira wam'mbali umatalika n'kumameza kugundako. Yesani kaye ngati rimu yaing'onoyo sikukhudza caliper, chitsulo chopanira mabuleki.

Zikakanika, sinthani masipuling'i ndi mashoko limodzi, muike a standard a galimoto yomweyo. Sipuling'i yofewa pa shoko yolimba imagundabe, pomwe shoko ya standard pa sipuling'i yaifupi imafika pothera n'kufa msanga. Mukatha, kapangitseni alignment, apo ayi matayala adyeka mbali imodzi.