Kansalu ka pathumba la jekete, musakafananize ndi tayi achimwene

Achimwene choyamba zabwino zonse, mwachita chamuna, ena muno zaka zikungopita akungoti tikuyang'anabe kkkk. Funso lanu ndaliona. Mwati ukwati uli mu Okutobala, suti ndi ya nevi, shati yoyera, mtundu omwe mayi, ndikutanthauza mkwatibwi, asankha ndi maruni, nde mwagula kabokosi kaja kamabwera ndi tayi, pocket square (kansalu ka pathumba la jekete) ndi ma cufflink (timabatani tomangira manja a shati) zonse nsalu imodzi yonyezimira, ndipo mukufuna kudziwa ngati muvale zonse pamodzi, kapindidwe kake, komanso anyamata operekeza asanu aja muwaveke bwanji. Ndaona ena akuyankhani kuti bola zifanane basi. Ineyo ndikukana.

Kabokosiko musataye ayi. Tayi valani, ma cufflink ngati shati yanu ili ndi mabowo ake valaninso, koma kansaluko kasiyeni momwemo, mudzakavala tsiku lina ndi tayi ina kapena opanda tayi. Vuto ndi loti tayi ndi thumba la pachifuwa zayandikana kwambiri, pakati pake ndi chikhatho chimodzi chokha, nde mukaika nsalu yomweyomweyo mbali zonse ziwiri diso la munthu limaona yunifolomu. Mumaoneka ngati a kwaya kapena operekera zakudya ku hotela, osati mkwati. Kuli ngati kudyera nsima phala, ufa ndi omwewo. Ogulitsa amaika pamodzi chifukwa adula pa mpukutu umodzi ndipo zimagulika msanga, sikuti ndiye kavalidwe kake. Zimene mukufuna ndi zoti zigwirizane, kufanana ndendende ndi nkhani ina.

Pa suti ya nevi, shati yoyera ndi tayi ya maruni, ine ndikanakhala inu ndikanavala koyera. Koyera mbee, ka thonje kapena linen, kosita bwino. Ndikudziwa muti aaa koyera basi tsiku lalikulu ngati limeneli? Eya. Kamatenga mtundu wa shati n'kuubweretsa pa jekete, tayi imatsala yokha kuwala, ndipo zithunzi zanu mukadzaziona zaka 20 zikubwerazi simudzachita manyazi. Taonani zithunzi za madala athu a m'ma 1960 ndi 1970 ali mu suti, amene akuoneka bwino mpaka lero ndi aja angoika kamzere koyera pathumba, palibe zambiri.

Kapindidwe kake nkosavuta. Yalani patebulo, pindani kumanzere ndi kumanja mpaka mulifupi mwake mufanane ndi pakamwa pa thumba, kenako pindani kumunsi kubweretsa m'mwamba molingana ndi kuya kwa thumbalo, lowetsani. Kunja kutsale sentimita imodzi kapena imodzi ndi hafu, tinene chala chimodzi chopingasa. Osati theka la nsalu lonse panja ngati mbendera. Ndipo kakapendekeka pang'ono kasiyeni, thumba lenilenilo ma telala ambiri amalisoka lopendekeka kale.

Ngati mayi akakamira kuti maruni aonekebe, njira ilipo: koyera kapena ka khirimu koma m'mphepete mosokedwa ndi ulusi wa maruni. Mukapinda muonetsetse kuti mphepetezo ndi zimene zayang'ana m'mwamba. Kamzere kochepa ka maruni kamene kaja kamakwana, aliyense aona kuti mwaganizira mtundu wa ukwati koma simunachite kukopera tayi.

Tsopano ya chitenje, apa nde ndikhalitsapo chifukwa ndi imene ndimakonda komanso ndi imene inandichititsapo manyazi. Pa chinkhoswe munasoketsa zofanana eti? Telala wanu ali ndi zidutswa zotsala, ndithu ali nazo pansi pa makina apo, kapempheni. Kansalu kochokera pa chitenje cha chinkhoswe chanu kali ndi tanthauzo kuposa chilichonse mungagule mu shopu, azakhali akangokaona adziwa okha. Koma pali zoti musamale. Chimene chimaoneka pathumba ndi malo a zala ziwiri kapena zitatu basi, nde chitenje cha maluwa akuluakulu sichithandiza, mudzangoona chigamba cha mtundu umodzi osadziwa kuti ndi chani. Sankhani pamene pali timaluwa kapena timizere ting'onoting'ono, pomwe maruni alipo koma pang'ono, mtundu waukulu ukhale wina monga khirimu, golide kapena buluu owala. Ikani tayi pamwamba pa nsaluyo muyang'ane muli chapatali. Zikamenyana muona nokha. Ndipo chonde osati nsalu ya chipani kapena ija ili ndi nkhope ya munthu, ndinaonapo wina diso la mtsogoleri likusuzumira pathumba, tinaseka mpaka misozi.

Chitenje ndi chokhuthala, makamaka waksi ndi Java, nde musadule chachikulu. Masentimita 30 mbali zonse akwana, mukapitirira pamenepo thumba limatupa ngati mwabisamo mandasi. Muuzeni telala apinde m'mphepete mochepa kwambiri, ngati ali ndi mtima wabwino asoke pamanja, ovaloko yokha imaoneka yotchipa ulusi wake ukamatuluka. Silika ndi amene amafuna kukula, masentimita 40 kapena kuposa pang'ono, chifukwa ndi woterera, wamng'ono amangomira m'thumba musanafike ndi kutchalitchi komwe.

Chachikulu, chapani kaye. Chapani kawiri, muone ngati madzi akusintha mtundu. Ine pa ukwati wa msuweni wanga ndinali bestman, suti ya gireyi yowala, telala wina anandidulira kansalu ka chitenje chofiira chatsopano usiku wa Lachisanu, ine osachapa, kungosita basi. Loweruka dzuwa linaswa mtengo, tili pa zithunzi thukuta kuti chuu, ine mwachizolowezi ndinasolola kaja n'kupukutira kumaso ndi m'khosi kenako n'kukabwezera konyowa. Pofika ku holo kolala ya shati inali pinki, pakamwa pa thumba panali kamzere kofiira, ndipo jekete inali yobwereka. Mwini wake timalankhulana koma nkhaniyo imabwerabe akamwa.

Nde apa mutengepo ziwiri. Ya kuchapa ija, ndi iyi: kansalu ka pachifuwa si kopukutira thukuta. Okutobala mukumudziwa, Blantyre ndi Lilongwe kumatentha kale, ukwati ukakhala ku Salima, Mangochi kapena kumunsi ku Chikwawa nde simufunsa. Tengani mpango wina wathonje wamba muike m'thumba la thalauza, bwino awiri, umodzi wa bestman akusungireni. Umenewo nde wa thukuta, wa chimfine, komanso mayi akagwetsa misozi pa malumbiro mupereke umenewo chifukwa zodzola za kumaso zikakhudza koyera kaja kathera pompo. Ka pachifuwa mukakaika m'mawa musakakhudzenso mpaka madzulo.

Mukafuna silika weniweni osaononga ndalama, pitani pa kaunjika. Mu Limbe, pa Tsoka ku Lilongwe, kapena mashopu a DAPP, fufuzani pa mulu wa timasikafu ta azimayi tija. Timakhalamo ta silika tabwino kwambiri tomwe anthu amangotidutsa, mupeze kamodzi telala akudulireni. Kuti mudziwe ngati ndi silika, kulebulo kukakhala kulibe, sololani kaulusi kamodzi mukafika kunyumba muyatse ndi machesi. Silika amanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita, poliyesitala amasungunuka n'kuuma kabulu kolimba, fungo la pulasitiki. Zambiri za m'timabokosi tija ndi poliyesitala, nchifukwa chake zimanyezimira mopitirira pa kamera ikawala fulashi.

Silika sapindidwa ngati koyera kaja, sagwira mzere. Mumangotsina pakati, kukweza m'mwamba nsonga zonse zilendewere pansi, kudutsitsa m'dzanja linalo ngati mukukama, kupinda kumunsiko n'kulowetsa, pamwamba patsale kotukumuka pang'ono. Basi. Musalimbane nako kuti kakhale bwinobwino, kukongola kwake ndi komweko kosalongosoka. Zija za pa YouTube za nsonga zitatu, zinayi, korona, duwa, ine ndimati zisiyeni. Zimatenga theka la ola, zimaphwasuka mukangokumbatira anthu awiri, ndipo zimaoneka ngati nsalu zija amaika m'matambula pa tebulo lapamwamba. Nsonga imodzi kapena ziwiri pa kathonje ndi bho ngati mzere wowongoka ukukuonekerani ngati wa ku ofesi kwambiri.

Za mizere ndi madontho mwachidule: simunanene ngati tayi yanu ili puleni. Ngati ili ndi mizere, kansalu kakhale puleni kapena ka timadontho, osati mizere inanso yofanana kukula. Tayi ikakhala yonyezimira kansalu kakhale kosanyezimira. Anzathu a ku Kinshasa ndi Brazzaville aja amatchedwa ma sapeur, anthu otchena moti msewu umaima, ngakhale iwowo ali ndi lamulo loti mitundu isapitirire itatu pa thupi. Inu muli kale ndi nevi, yoyera ndi maruni. Yakwana. Chitenje chikabweretsa wachinayi ukhale ochepa.

Funsaninso a zokongoletsa ngati kukhale duwa la pa kolala ya jekete. Duwa limakhala kumanzere, thumba lilinso kumanzere, zonse malo amodzi. Ngati duwa lilipo nde nkhani yatha, koyera ka mzere basi, chitenje kapena silika wotukumuka pambali pa duwa zimachuluka.

Anyamata asanu aja. Maganizo anga, inu mukhale osiyana nawo. Ngati inu mwavala koyera iwo avale ka chitenje cha chinkhoswe, mita imodzi ikwanira onse asanu n'kutsalako. Ngati inu mwasankha chitenje iwo onse koyera. Chinthu chimodzi chokha, munthu mmodzi apinde tonse tisanu m'mawa ndipo awaike yekha, chifukwa mukawasiya aliyense apange zake wina atulutsa nsonga, wina chamira, wina waiwala ku lodge, pa chithunzi zimaoneka ngati mano osalingana. Komiti kapena mayi akanenetsa kuti operekeza avale tayi ndi kansalu zofanana, musakangane nawo, ukwati usayambe ndi mlandu wa kansalu. Aloleni anyamatawo afanane, inuyo nokha mupulumuke.

Musanafike tsikulo yang'anani thumba la jekete. Suti yatsopano nthawi zambiri thumbalo limabwera losokedwa ndi ulusi wongogwirizira, ena amaganiza kuti ndi lotseka n'kuyamba kumata kansalu ndi pini kunja. Tengani lezala mudule ulusiwo pang'onopang'ono, koma muyambe mwapisa chala pakona mumve ngati mkati muli thumba lenileni, masuti ena otchipa ndi chithunzi chabe mulibe kanthu, mukadula mwaboola jekete. Likakhala lakuya kwambiri moti kansalu kakumira, ikani tishu wopindapinda pansi pake kakhale ndi popondera. Tija tosokera pa kakatoni togulitsa topindapinda kale ndi ta ana a pa mzere wa ukwati, munthu wamkulu ayi, katoniyo imaonekera mukawerama.

Ndipo m'thumba limenelo musaikemo china. Foni ayi, cholembera ayi, magalasi ayi. Nthawi ya perekaniperekani pamakhala azakhali ena okonda kukulowetsani ma K500 ndi ma K1000 m'thumba la pachifuwa mukuvina, amenewo simungawaletse kkkk, koma muuzeni bestman azichotsa nyimbo ikatha n'kukonzanso kansaluko, apo ayi zithunzi zodula keke zituluka thumba lili phwii.

Ukwati ukatha koyerako kadzakuthandizanibe, ku intavyu, ku tchalitchi, ngakhale pamaliro kamaloledwa bola ka mzere wochepa, ta mitundu tokha nde tisamapite kumaliro. Ka chitenje mudzavala Lachisanu ku ofesi ndi jekete opanda tayi, kamakhala bwino zedi. Pa thumba la shati pokha musadzaike, popanda jekete palibenso pocket square.

Ngati mungathe jambulani tayiyo ili pamwamba pa jekete, panja masana osayatsa fulashi, pambali pake muike chidutswa cha chitenje cha chinkhoswe chija mutumize muno. Maruni wa m'timabokosi nthawi zina amakhala ofiira ngati tomato, akakhala otero nde tiyambe takambirana za tayiyo kaye.