Mafunso a Owerenga: Kodi ndalama za mareti zimagwira ntchito yanji?

Funso: Akonzi, ine ndine mayi wamasiye wokhala ku Chilenje m'nyumba imene anandisiyira malemu amuna anga. Madzi ndimalipira, otola zinyalala ndimawalipira mwezi ndi mwezi, lendi ya malo ndimaperekanso. Tsopano kwabwera bilu ya mareti. Kodi kumeneku si kulipira kawiri chinthu chimodzi? Nanga ndalamazo zimapita kuti?

Yankho: Mayi, pepani ndi imfa ya bambo a kunyumba. Simukulipira kawiri ayi, chifukwa iliyonse mwa ndalama mwatchulazi ili ndi kolowera kwake. Ya madzi imapita ku Lusaka Water Supply and Sanitation Company, ya zinyalala ndi malipiro a amene amabwera kudzatola pakhomo panu, pomwe lendi ya malo mumapereka chifukwa nthaka yonse ya m'Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo ife timangobwereka, kawirikawiri kwa zaka 99. Mareti ndi msonkho wa pa nyumba ndi malo, umene Lusaka City Council imatolera motsatira lamulo la Rating Act la 2018, lomwe linalowa m'malo mwa la 1997.

Msonkhowu umatengera mtengo wa nyumba. Akatswiri oyerekeza mitengo amayendera nyumba ndi malo, n'kulemba mtengo wa chilichonse m'kaundula wotchedwa valuation roll, amene lamulo limafuna kuti azikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Kenaka khonsolo imaika kagawo koti mwininyumba azipereka pa mtengo umenewo. Mongopereka chitsanzo, nyumba ya K500,000 itati izilipira 0.1 peresenti, bilu yake ingakhale K500 pachaka. N'chifukwa chake nyumba yaikulu ya ku Kabulonga siingafanane bilu ndi yanu, ndipo wolipira ndi mwininyumba, osati wochita lendi. Kaundulayu akakonzedwa amaikidwa poyera kuti anthu akaone, ndipo amene waona kuti nyumba yake aikweza mtengo mopitirira muyeso ali ndi ufulu wodandaula, nkhani n'kukamvedwa ndi bwalo la Rating Valuation Tribunal. Ambiri amaphonya nthawi imeneyi, n'kudzayamba kudandaula bilu itafika kale.

Ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi la khonsolo, ndipo zimalipirira ntchito zimene sizingatheke kulembera munthu mmodzi bilu yake. Nyumba ikayaka ku Matero, ozimitsa moto safunsa lisiti asanatsegule madzi. Chimodzimodzinso magetsi a m'misewu, ngalande za madzi a mvula, manda monga a ku Chingwere ndi Leopards Hill, ndi oyendera zaumoyo amene amaona ukhondo wa m'mabutchala ndi m'malo odyera, pamodzi ndi malipiro a onse ogwira ntchito zimenezi. Za ngalande ndi ukhondo sitingazitenge mopepuka, pakuti tonse tikukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala cha odwala matendawa.

Inu a ku Chilenje mbiri ya nkhaniyi muli nayo pakhomo penipeni. Kale khonsolo inkapeza ndalama zambiri pa lendi ya nyumba zake, koma kuyambira 1996, m'nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, nyumbazo zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo. Mabanja anapeza pokhala pawopawo, chimene chinali chabwino, koma lendi ija inatha ndipo katundu wolemera anatsalira mareti. Zoona, boma limathandiza kudzera m'thumba lothandizira makhonsolo la Local Government Equalisation Fund, ndipo CDF, yomwe ndi ndalama za chitukuko zopita kudera la phungu aliyense wa Nyumba ya Malamulo, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse m'chaka cha 2022, koma CDF ili ndi ntchito zake zoikika, monga zitukuko zosankhidwa ndi anthu a m'dera ndi mabasale a ana asukulu. Siingalowe m'malo mwa mareti pa ntchito za tsiku ndi tsiku.

Maganizo athu ndi akuti msonkhowu ndi woyenera, koma wolipira ali ndi ufulu wonse wofunsa mmene wagwirira ntchito. Funsani khansala wanu kapena a Ward Development Committee kuti bajeti ya chaka chino yaikira chiyani dera lanu, ndipo musachite manyazi kubwereza funsolo.

Pa za bilu yanu, pitani ku likulu la khonsolo ku Civic Centre mu Independence Avenue mutatenga biluyo, mapepala a nyumba ndi kalata yosonyeza amene akuyang'anira chuma cha masiye, kuti muone ngati pali ngongole yakale ndiponso akuuzeni njira yosinthira dzina. Ngati ndalamayo yakukulirani, kambiranani nawo zolipira pang'onopang'ono, ndipo dziwani kuti lamulo limalola mwininyumba kupempha kuti amuchepetsere. Musaisunge m'sutikesi biluyo n'kukhala chete, chifukwa ngongole ya mareti ikakula khonsolo ili ndi mphamvu zotumiza mabelifu kudzalanda katundu. Mukalipira, landirani lisiti ya khonsolo ndipo muisunge pamodzi ndi mapepala a nyumba.