Makosi atatu a njerwa sangapulumutse nyumba ku Thuchila

Bambo wina wandilembera kuti wagula malo pafupi ndi mtsinje wa Thuchila, ndipo mmisiri wake akuti akakweza maziko ndi makosi (mizere) atatu a njerwa madzi sadzalowa. Akufunsa ngati zimenezi n'zokwanira.

Bambo, sizokwanira, ndipo funso lanu landikhudza chifukwa yankho la mmisiriyo ndi lomwe likumveka paliponse ku Mulanje kuno. Makosi atatu ndi masentimita pafupifupi 25. Amenewo ndi otchinga madzi a pabwalo mvula ikagwa, osati mtsinje ukasefukira. Choipa kwambiri n'chakuti mmisiri akuyeza kuchokera padothi la pamalo anu, pamene muyeso uyenera kuchokera pomwe madzi anafika.

Tisanafike pa tepi, dziwani kaye mtundu wa madzi amene amabwera pamalopo. Kumunsi kwa Thuchila ndi mbali zina za Ruo madzi amakwera pang'onopang'ono n'kudzaza dambo. Amenewo mungathane nawo pokweza nyumba. Koma m'tsinde mwa phiri, komwe Likhubula, Lichenya ndi Muloza amatsika mwaliwiro, kumabwera napolo wonyamula miyala ndi mitengo. Amene anaona za ku Phalombe mu 1991 kapena za namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa kuti pamenepo palibe kutalika kwa maziko komwe kungathandize. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee pamalo, dziwani kuti inabwera ndi madzi, ndipo njira yake ikadali yomweyo. Musamangepo, ngakhale malowo akhale otchipa motani. Ogulitsa malo oterewa ali chete pa zimene akudziwa akuchita zoipa, ndipo mafumu osainira nawo ali ndi mlandu womwewo.

Pali mawu enanso amene amasocheretsa anthu. Akatswiri akamati madzi a kamodzi pa zaka 100 satanthauza kuti akabwera chaka chino ndiye mwapuma. Amatanthauza mwayi umodzi pa 100 chaka chilichonse, ndipo pa zaka 30 mwayiwo umaposa pang'ono umodzi pa anayi. Ife taona madzi mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, kenako Freddy. Komanso mitsinje yambiri inakwiririka ndi mchenga, choncho mvula yomwe kale inkakwana mumtsinje lero ikutuluka.

Kapezedwe ka muyeso

Fufuzani chizindikiro cha madzi okwera kwambiri. Onani mzere wa matope pakhoma la tchalitchi kapena sukulu, pamlatho, ndi zinyalala zokodwa m'mitengo. Funsani akuluakulu angapo aliyense payekha, komanso a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzimo, ndipo mutenge chizindikiro chapamwamba pa zonse. Musatenge chapakati.

Kenako chisamutsireni pamalo anu ndi paipi yoonekera mkati yodzaza madzi, imene amisiri amatengera levulo. Chotsanimo mpweya wonse, chifukwa thovu limodzi limanamiza muyeso. Ngati mtunda ndi wautali, khomani zikhomo n'kumasamutsa levulo chikhomo ndi chikhomo. Pachikhomo chomaliza onjezerani masentimita 50. Pamenepo ndi pamene pakhale pamwamba pa simenti ya pansi m'nyumba. Ngati madzi anafika masentimita 40 pamalo anu, pansi pa nyumba pakhale pa 90, omwe ndi makosi 11 kapena 12.

Kukweza kokha sikokwanira, pakuti nyumba zambiri zimagwa chifukwa chofewa kunsi. Kumbani maziko mpaka dothi lolimba, osachepera masentimita 60 kuya ndi 60 m'lifupi, ndipo muthire konkiriti. Khoma lonse lochokera pansi kufika pa silabu likhale la 9 inchi, la miyala, mabuloko kapena njerwa zopsa bwino, lomangira simenti: chidebe chimodzi cha simenti, zinayi za mchenga. Zidina ndi matope zikanyowa tsiku limodzi zimasungunuka, khoma n'kukhala pansi. Dothi lodzazira mkati lithiridwe masentimita 15, linyowetsedwe pang'ono n'kutsenderedwa bwino musanathire lina. Mukathira lonse kamodzi, lidzatitimira silabu n'kung'aluka. Pamwamba ikani miyala yoswa, mchenga, pulasitiki yakuda, kenako silabu ya masentimita 10 ya muyezo wa 1:2:4 (chidebe chimodzi cha simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala yoswa), ndipo muziithirira madzi masiku 7. Musaiwale DPC, pepala lotchinga chinyontho, pansi pa khoma. Kunja zungulizani khonde la simenti lotsetserekera kutali ndi nyumba kuti madzi asakumbe maziko, ndipo mubzale vetiva mbali yomwe madzi amachokera.

Chimbudzi chikwezedwe chimodzimodzi, dzenje lake limangidwe ndi njerwa, apo ayi chidzasefukira m'chitsime n'kubweretsa kolera. Masoketi a magetsi akhale pamwamba, osachepera mita imodzi kuchokera pansi.

Muyeso wanu ukapitirira mita imodzi, dothi la mkati limayamba kukankha khoma mwamphamvu, ndipo imeneyo si ntchito ya mmisiri yekha. Pitani kukhonsolo ya boma mukaonane ndi injiniya, ndipo muwerengere bwino ngati ndalama za simentiyo sizingakugulireni malo ena kumtunda.